Mbiri ya Kudziphunzitsa Ziyankhulo: Kuchokera pa Makalata a ku Berlin Kufika pa Foni ya M'manja

Kuphunzira chiyankhulo cha eni popanda kulowa m'kalasi kunayamba kalekale, sukulu zisanakhaleko. Amalonda oyenda maulendo ataliatali, akazi okwatiwa kudera la chiyankhulo china ndiponso amuna opita kumigodi ankangotola chiyankhulo ndi khutu, pamsika, pachitsime kapena pantchito. Mabuku a galamala ndi timabuku ta mawu a apaulendo analiponso kwa zaka mazanamazana. Koma maphunziro athunthu okonzedwa mwadala kuti munthu aphunzire ali pakhomo pake, mphunzitsi ali kutali kapena kulibiretu, anayamba kukhazikika chapakati pa zaka za m'ma 1800. Poyamba ankabwera m'makalata. Kenako anasamukira pa galamafoni, pa wailesi, pa tepi ndi pa kompyuta, mpaka kufika masiku ano pamene wophunzira amasonkhanitsa yekha zipangizo zosiyanasiyana za pa intaneti n'kudzipangira malo akeake ophunzirira.

Chimene chinatsegula njira chinali positi yotsika mtengo. M'chaka cha 1840 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loti kalata yopepuka izipita kulikonse m'dzikomo ndi peni imodzi yokha, ndipo Isaac Pitman anayamba kuphunzitsa kalembedwe kachidule potumizirana mapepala ndi ophunzira ake. Pa nkhani ya ziyankhulo, mbiri imatchula Gustav Langenscheidt wa ku Berlin, amene anayendayenda m'maiko a ku Ulaya ali mnyamata n'kuona mmene kusadziwa chiyankhulo kumasowetsera munthu mtendere. Iye anagwirizana ndi mphunzitsi wa Chifalansa dzina lake Charles Toussaint, ndipo mu 1856 awiriwa anayamba kusindikiza makalata ophunzitsa Chifalansa kwa anthu oyankhula Chijeremani. Kalata iliyonse inkakhala ndi chigawo cha nkhani yowerenga, tanthauzo la mawu pansi pa mzere uliwonse, malamulo a galamala ndi ntchito zoti wophunzira achite. Chatsopano kwenikweni chinali zizindikiro zosonyeza katchulidwe ka mawu, zimene anazikonza kuti munthu amene sanamvepo Mfalansa akuyankhula athe kutchula mawu moyandikira. Makalata a Chingerezi anatsatira patapita zaka zochepa, ndipo dzina la Langenscheidt linadzakhala la imodzi mwa makampani otchuka osindikiza madikishonale.

Ngakhale zizindikirozo zinali zaluso, pepala silinkayankhula. Vuto limeneli linayamba kuchepa Thomas Edison atapanga makina ojambula ndi kubwereza mawu mu 1877. Sukulu ya Cortina ku New York inali m'gulu la zoyambirira kujambula maphunziro a ziyankhulo pa timigolo ta phula timene makinawo ankagwiritsa ntchito. Sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata ya International Correspondence Schools ya ku Scranton, m'chigawo cha Pennsylvania, inapitirira pamenepo: inkatumizira wophunzira makina, timigolo ta maphunziro ndi tina topanda kanthu, kuti iye ajambule mawu ake n'kuwabweza pa positi kwa mphunzitsi woti amukonze katchulidwe. Yankho linkatenga masabata, komabe kwa nthawi yoyamba munthu wokhala kutali ndi mzinda ankamva mwini chiyankhulo akuyankhula m'nyumba mwake, n'kumubwereza kangapo konse mmene angafunire. Ku London, Jacques Roston anayambitsa kampani ya Linguaphone mu 1901, imene pambuyo pake inasamutsira maphunziro ake pa mbale za galamafoni. Mlembi George Bernard Shaw anajambula nkhani ya kayankhulidwe ka Chingerezi ku kampaniyi mu 1927, ndipo pafupifupi nthawi yomweyo J. R. R. Tolkien, amene anali mphunzitsi ku Oxford, anajambulanso zokambirana za m'maphunziro ake a Chingerezi.

Mabuku nawonso anasintha kuti agwirizane ndi munthu wophunzira yekha. Ku Paris, Alphonse Chérel anatulutsa buku loyamba la Assimil mu 1929. Linali ndi maphunziro afupiafupi, limodzi patsiku, ndipo linkalangiza wophunzira kuti ayambe ndi kungomva ndi kuwerenga kwa masabata angapo asanayese kupanga ziganizo zakezake. Mabuku a Teach Yourself anayamba kutuluka ku Britain mu 1938. Chinyanja nachonso chinalowa m'mbiri imeneyi, ngakhale kuti ophunzira ake anali alendo: buku lothandiza kuphunzira Chinyanja limene Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre anatulutsa mu 1901 linkawerengedwa ndi amishonale, eni minda ndi ogwira ntchito m'boma la atsamunda, amene ambiri a iwo ankayenera kukhoza mayeso a chiyankhulo pantchito yawo.

Galamafoni ndi mbale zake zinali za anthu andalama. Wailesi ndiyo inafikitsa maphunzirowa kwa anthu wamba. BBC inayamba pulogalamu ya English by Radio mu 1943, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mkati. Voice of America inayamba kuulutsa nkhani m'Chingerezi chosavuta mu Okutobala 1959, pogwiritsa ntchito mawu pafupifupi 1,500 okha, ziganizo zazifupi ndi kayankhulidwe kapang'onopang'ono. Pulogalamu ya BBC ya pa wailesi yakanema yotchedwa Follow Me, imene inayamba mu 1979, itafika ku China mu 1982 inaonedwa ndi anthu miyandamiyanda, moti mphunzitsi wake Kathy Flower anatchuka kwambiri m'dzikolo. Ku Malawi, sukulu ya Malawi Correspondence College, imene inatsegulidwa mu 1965 ndipo pambuyo pake inadzatchedwa Malawi College of Distance Education, inkaphatikiza maphunziro osindikizidwa ndi mapulogalamu a pa wailesi, ndipo Chingerezi chinali phunziro lofunika kwa aliyense wofuna satifiketi. Maphunziro a m'makalata anafika ngakhale m'ndende: pa Robben Island akaidi a ndale ankaphunzira mwa njira imeneyi, ndipo Nelson Mandela anadziphunzitsa Chiafirikaansi, chiyankhulo cha omulondera. Wailesi inali ndi chilema chake. Phunziro linkabwera pa ola limene oulutsa asankha, n'kudutsa kamodzi. Wochedwa kumunda kapena amene mabatire amuthera ankangoliphonya basi.

Nkhondo yachiwiri ija inachititsanso kuti dziko la America liphunzitse asilikali ake ziyankhulo zambiri mofulumira, ndipo njira yobwerezabwereza ziganizo mokweza inatchuka. Soviet Union itaponya setilaiti ya Sputnik mumlengalenga mu 1957, boma la America linakhazikitsa lamulo la National Defense Education Act mu 1958, limene linapereka ndalama zambiri zophunzitsira ziyankhulo. Sukulu zikwizikwi zinamanga malabotale a ziyankhulo: zipinda zogawidwa timagome totchingidwa, aliyense ndi tepi yake ndi zomvera m'makutu. Buku la Chinyanja Basic Course, limene Earl Stevick ndi Linda Hollander anakonza mu 1965 limodzi ndi matepi ake, linatuluka m'nyengo imeneyi, pamene achinyamata odzipereka a ku America a bungwe la Peace Corps anali atayamba kufika ku Malawi. M'labotale wophunzira ankakhala yekha, koma sankasankha kanthu. Tepi inkanena chiganizo, iye n'kubwereza, tepi n'kunena china. Maziko a njirayi anali ganizo loti chiyankhulo ndi chizolowezi chimene chimakhazikika pochibwereza. Noam Chomsky anatsutsa ganizoli mu 1959 polemba za buku la B. F. Skinner limene linkatsatira ganizo lomwelo, ndipo aphunzitsi nawonso ankaona okha kuti ana okhoza bwino m'labotale ankasowa chonena akakumana ndi mwini chiyankhulo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, malabotale anali atayamba kutaya ulemu. Tepi yokha inapulumuka. Kaseti yaing'ono ya Philips ya mu 1963 ndi Walkman ya Sony ya mu 1979 zinatulutsa phunziro m'chipinda n'kuliika m'thumba, kuti munthu azimvera ali m'basi kapena akuyenda.

M'zaka zonsezi, kuyambira pa makalata a ku Berlin mpaka pa kaseti, munthu ankaphunzira ali yekha, koma wolemba maphunziro ndiye ankasankha chilichonse: poyambira, mawu oyenera kudziwa, phunziro lotsatira. Kusintha kwakukulu kunabwera m'zaka za m'ma 1970, ndipo kunachokera m'maganizo a anthu osati m'makina. Mu 1971 Allen Tough wa ku Toronto anasindikiza zotsatira za kafukufuku wosonyeza kuti anthu akuluakulu ambiri amakhala akuphunzira zinthu zingapo chaka chilichonse, ndipo pafupifupi ziwiri mwa zitatu zilizonse amazikonza okha popanda sukulu. Chaka chomwecho Ivan Illich, wansembe wobadwira ku Vienna amene ankayendetsa malo ophunzitsira Chisipanishi ku Cuernavaca m'dziko la Mexico, anatulutsa buku la Deschooling Society. M'bukumo anapereka ganizo loti munthu azilembetsa pa kompyuta chimene akufuna kuphunzira, kompyutayo n'kumupezera ena ofuna zomwezo kuti akumane. Nthawi imeneyo kompyuta inali chimakina cha mabungwe akuluakulu okha, ndipo ambiri anaona ganizoli ngati maloto. Malcolm Knowles anawonjezera buku la Self-Directed Learning mu 1975.

Pa ziyankhulo, malo amene maganizowa anayesedwa mozama anali yunivesite ya Nancy ku France, pa likulu lofufuza za kaphunzitsidwe ka ziyankhulo lotchedwa CRAPEL. Woyambitsa wake, Yves Châlon, anamwalira mu 1972, ndipo Henri Holec ndiye analowa m'malo mwake. Ambiri mwa ophunzira awo anali anthu apantchito, osatha kufika m'kalasi pa maola oikika, komanso aliyense ankafuna chiyankhulo pa chifukwa chakechake: wina kuti aziwerenga mabuku a ntchito yake, wina kuti akayankhule pamsonkhano kunja. Kalasi imodzi sikanawakwanira onsewo. Choncho a CRAPEL anatsegula chipinda chodzaza matepi, makanema ndi nyuzipepala, zambiri mwa izo zosakonzedwera ophunzira koma zotengedwa m'moyo weniweni, kuti munthu azilowa nthawi imene akufuna n'kusankha yekha. M'malo mwa mphunzitsi anaikamo mlangizi. Ntchito ya mlangiziyo sinali kuphunzitsa galamala ayi, koma kukhala pansi ndi wophunzira, kumufunsa chimene akufuna, kumuthandiza kuona ngati njira imene wasankha ikumufikitsako, ndi kumusiya kuti chigamulo apange yekha.

Mu lipoti limene analembera bungwe la Council of Europe mu 1979, limene linatuluka m'Chingerezi mu 1981, Holec anafotokoza kuti wophunzira woima payekha ndi amene angathe kusenza udindo wa maphunziro ake. Anatchula zigamulo zisanu zimene udindowo umakhudza: cholinga cha kuphunzirako, zoti aphunzire ndi ndondomeko yake, njira zophunzirira, nthawi ndi malo ndi liwiro, komanso kudziyesa kuti aone pamene wafika. Mfundo imene anaitsindika, imenenso omutsatira ambiri anaiiwala, inali yakuti luso limeneli munthu sabadwa nalo. Amene wakulira m'sukulu youzidwa chilichonse amafunika kuphunzitsidwa kaphunziridwe kake. Zipinda zoterezi zitafalikira m'mayunivesite a ku Britain, Hong Kong, Mexico ndi maiko ena m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, zoona za mfundoyi zinaonekera. Kumene kunali alangizi odziwa ntchito, ophunzira ankabwerabwera. Kumene chipinda chinatsegulidwa pongofuna kuchepetsa ndalama zolipira aphunzitsi, matepi ankachita fumbi, monga nkhokwe yodzaza chimanga pamudzi wopanda mtondo kapena chigayo.

Vuto lina limene zipangizo zonse zinalephera kuthetsa linali losowa woyankhula naye. Yankho lina linachokera ku misonkhano ya achinyamata a ku France ndi Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kumene anayamba kukhazika anthu awiriawiri a ziyankhulo zosiyana kuti aziphunzitsana. Jürgen Wolff anakonza bwino njirayi ku Madrid mu 1979 polumikiza oyankhula Chisipanishi ndi oyankhula Chijeremani, ndipo inadziwika ndi dzina loti Tandem. Malamulo ake ndi awiri: nthawi igawidwe mofanana pakati pa ziyankhulo ziwirizo, ndipo aliyense ndi mwini wa maphunziro ake, amauza mnzake chimene akufuna kuthandizidwa. Mu 1994 Helmut Brammerts wa pa yunivesite ya Bochum anakhazikitsa mgwirizano wa mayunivesite a m'maiko angapo wolumikiza ophunzira awiriawiri kudzera pa imelo. Maloto a Illich aja anali atayamba kuchitika.

Kompyuta inalowa m'ntchitoyi pang'onopang'ono. Makina a PLATO a pa yunivesite ya Illinois, amene anayamba mu 1960, anali ndi maphunziro a Chirasha, Chifalansa, Chilatini ndi ziyankhulo zina pofika m'ma 1970, koma wofuna kuwagwiritsa ntchito ankayenera kupita kumene makinawo ali. Rosetta Stone ya ku Virginia, imene inayamba mu 1992, inkagulitsa maphunziro pa ma CD ophatikiza zithunzi ndi mawu popanda kumasulira, pamtengo wa madola mazana angapo. Chimene kompyuta inachita bwino kuposa munthu chinali kusunga nthawi yobwereza mawu. Hermann Ebbinghaus anali atasonyeza mu 1885 kuti chinthu chongolowezedwa chimaiwalika mofulumira m'maola oyambirira, kenako pang'onopang'ono. Paul Pimsleur mu 1967 analangiza zotalikitsa nthawi pakati pa kubwereza kulikonse, ndipo Sebastian Leitner mu 1972 anafotokoza za bokosi la timakhadi logawidwa zigawo, momwe khadi lokhozedwa limasunthira kutsogolo pamene lolakwidwa limabwerera poyamba. Piotr Woźniak, wophunzira wa ku Poznań m'dziko la Poland, anaika mawerengedwe amenewa pa kompyuta mu 1987 m'pulogalamu ya SuperMemo. Anki, imene Damien Elmes anatulutsa mu 2006, inatengera njira yomweyo n'kuipereka kwaulere pa kompyuta, wophunzira akudzilembera yekha timakhadi take.

Intaneti itafalikira, mayunivesite anathamangira kugula kapena kukhazikitsa mapulogalamu oyendetsera maphunziro: WebCT ya ku yunivesite ya British Columbia, Blackboard ya mu 1997 ndi Moodle imene Martin Dougiamas wa ku Australia anatulutsa mu 2002. Mapulogalamuwa anathandiza kugawa manotsi, kulandira ntchito za ophunzira ndi kusunga malikesi, koma anali kalasi yomwe ija itangosamukira pa kompyuta. Mwini wake anali sukulu. Mphunzitsi ndiye ankaika zinthu, ophunzira a kosi ina sankaonana ndi a kosi ina, ndipo munthu akamaliza sukulu ankatsekeredwa kunja, zonse zimene analemba n'kutsalira mkati. Kwa wophunzira chiyankhulo ichi chinali chilema chachikulu, chifukwa chiyankhulo sichitha ndi temu, ndipo anthu ofunika kuyankhula nawo ali kunja kwa sukulu.

Ganizo la malo ophunzirira a munthu payekha, amene akatswiri amawafupikitsa kuti PLE, linabadwa potsutsa zimenezi. Bill Olivier ndi Oleg Liber a ku Britain analemba mu 2001 kuti munthu wophunzira moyo wake wonse akufunika malo ophunzirira oti azisamuka nawo kuchoka pasukulu ina kupita pa ina. Mu 2005 Scott Wilson anajambula chithunzi chimene chinafalikira kwambiri pakati pa akatswiri a maphunziro: wophunzira ali pakati, atazunguliridwa ndi zipangizo zosiyanasiyana za pa intaneti zimene wazisankha yekha, sukulu ili chimodzi chabe mwa izo. Graham Attwell anafotokoza mu 2007 kuti malowa si pulogalamu yoti munthu agule, koma ndi kachitidwe katsopano kogwiritsa ntchito zipangizo zimene zilipo kale. Msonkhano woyamba waukulu wokambirana za nkhaniyi unachitikira ku Barcelona mu 2010.

Ophunzira ziyankhulo ndiwo anapindula msanga, popeza zipangizo zowayenera zinatuluka motsatizana m'zaka zochepa. Skype ya mu 2003 inachititsa kuti kuyankhulana ndi munthu wa kudziko lina kusakhalenso kodula. YouTube ya mu 2005 inabweretsa mawu ndi nkhope za eni chiyankhulo a misinkhu yonse, osati owerenga nkhani okha. ChinesePod ya ku Shanghai inayamba chaka chomwecho kugawa maphunziro omvera a Chitchaina. Livemocha ndi Lang-8 zinkalola wophunzira kulemba ndime yake kuti eni chiyankhulo aikonze, iye n'kubwezera pokonza za ena, pamene italki inkalumikiza ophunzira ndi aphunzitsi olipidwa pa ola. Cha m'ma 2010 munthu wophunzira Chijapanizi ku Brazil ankatha kumvera phunziro m'mawa popita kuntchito, kusunga mawu atsopano mu Anki masana, kulemba ndime madzulo kuti munthu wa ku Osaka amukonzere, ndi kucheza pa Skype Loweruka. Panalibe sukulu imene inamukonzera ndondomekoyi. Ngakhale podziyesa anali ndi pogwira: mu 2001 Council of Europe inatulutsa muyeso wa magawo asanu ndi limodzi, kuyambira A1 mpaka C2, wofotokoza zimene munthu amatha kuchita ndi chiyankhulo pagawo lililonse, komanso kabuku kosungiramo mbiri ya ziyankhulo zake ndi zitsanzo za ntchito zake.

Zofooka za kachitidweka sizinachedwe kuonekera. Zipangizo zambiri zinali za makampani, ndipo kampani imatseka chinthu chikasiya kuipindulira. Google Reader, imene ambiri ankasonkhanitsira zowerenga zawo, inatsekedwa mu 2013. Livemocha inagulidwa ndi Rosetta Stone chaka chomwecho n'kutsekedwa mu 2016, ndipo maubwenzi ndi zolemba za zaka zambiri zinapita nayo. Malo amene ankatchedwa a wophunzira anali omangidwa pa nthaka ya eni. Chinanso n'chakuti kusankha kumatopetsa. Munthu woyamba kumene sadziwa chimene sakudziwa, ndipo amatha kutaya miyezi akulumpha kuchoka pa chipangizo china kupita pa china, osakhazikika pena paliponse. Kupirira nakonso kunavuta. Maphunziro aulere a pa intaneti olandira anthu ochuluka nthawi imodzi anakopa makamu: a British Council okonzekeretsa mayeso a Chingerezi a IELTS pa FutureLearn analembetsa anthu oposa 400,000 mu 2015. Koma pa maphunziro amtunduwu, kawirikawiri omaliza safika ngakhale khumi mwa anthu 100 alionse olembetsa.

Apa ndi pamene mapulogalamu a pa foni anapezera msika. Duolingo, imene Luis von Ahn wochokera ku Guatemala ndi Severin Hacker wochokera ku Switzerland anayambitsa ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh, inatsegulidwa kwa anthu onse mu Juni 2012. Inalonjeza maphunziro aulere, afupiafupi, okhala ngati masewera, ndipo imawerengera munthu masiku amene waphunzira mosadumphitsa kuti asafooke. Pa nkhani yochititsa munthu kubwerera tsiku ndi tsiku, inapambana kuposa zonse zimene zinaitsogolera. Koma inatero potenga zigamulo zambiri zimene Holec ankafuna kuti zikhale m'manja mwa wophunzira. Mawu, ndondomeko ndi njira zimasankhidwa ndi kampani, ndipo mu 2022 Duolingo inasintha maonekedwe ake kuti aliyense azitsata mzere umodzi wa maphunziro. Mwa njira imeneyi pulogalamu ya pa foni ikufanana kwambiri ndi makalata a Langenscheidt kusiyana ndi chipinda cha ku Nancy. Zimenezi sizichotsa phindu lake kwa woyamba kumene, amene amafunikadi womugwira dzanja. Ngozi imakhalapo pamene munthu ayamba kuyesa kudziwa kwake ndi kuchuluka kwa masiku amene pulogalamu yamuwerengera, m'malo moyesa ngati angathe kufunsa njira, kumva nkhani pa wailesi kapena kulemba kalata.

Mwayi umenewu sunagawidwe mofanana pakati pa ziyankhulo kapena pakati pa anthu. Wophunzira Chingerezi kapena Chisipanishi amasowa kuti asankhe chiti, pamene wofuna chiyankhulo cha mu Africa amachita kusakasaka. Duolingo inaika Chiswahili mu 2017 ndi Chizulu mu 2022. Wofuna Chichewa, kaya ndi dokotala wobwera kudzagwira ntchito ku Malawi kapena mwana wa Amalawi wobadwira ku Johannesburg kapena ku Leeds, amadalira kulumikiza yekha zidutswa: mabuku a Learning Chichewa amene Carol Myers Scotton ndi Gregory Orr analembera Peace Corps mu 1980, dikishonale ya Steven Paas imene ilinso pa intaneti, Google Translate imene inalandira Chichewa mu Disembala 2014, mawailesi a ku Malawi omveka pa intaneti, nyimbo, ndi achibale oyankhula nawo pa WhatsApp. Munthu wotereyu amadzipangira malo akeake ophunzirira chifukwa palibe kampani imene inamukonzera. Kumbali ya ophunzira a m'madera amene bandulo ndi yodula ndiponso magetsi ndi osadalirika, zipangizo zofuna kanema wa nthawi yaitali sizithandiza kwenikweni. Kumeneko zimayenda bwino ndi maphunziro omvera otsitsidwa kamodzi n'kugawana pa memori khadi, madikishonale ogwira ntchito popanda netiweki ndi mauthenga a mawu.

Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatuluka, mapulogalamu otha kucheza ndi munthu alowa m'gulu la zipangizo za ophunzira. Amapereka woyankhula naye wopezeka usiku ndi usana, wosatopa kufunsidwa funso limodzi kambirimbiri, amenenso munthu sachita naye manyazi akalakwitsa. Komabe amalakwitsanso okha, makamaka m'ziyankhulo zimene zili ndi zolembedwa zochepa pa intaneti, ndipo woyamba kumene alibe njira yozindikirira cholakwikacho.

Mwa zigamulo zisanu za Holec zija, chimene chatsalira kwambiri m'manja mwa mabungwe ndi cha mayeso. Munthu angathe kudziphunzitsa Chingerezi mpaka kuchiyankhula bwinobwino, koma yunivesite, olemba ntchito ndi ofesi yoona za olowa m'dziko amafuna pepala. TOEFL inayamba mu 1964, DELF ya Chifalansa mu 1985, ndipo IELTS mu 1989. Onsewa amalipiritsa ndalama zambiri, ndipo kwa zaka zambiri ankalembedwa m'malo ovomerezeka okha, amene m'maiko ambiri a mu Africa amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Mliri wa Covid-19 utatseka malowa mu 2020, mayunivesite ambiri anayamba kuvomera mayeso olembera kunyumba pa kompyuta, kuphatikizapo a Duolingo English Test, amene amatenga pafupifupi ola limodzi ndipo wolemba amajambulidwa ndi kamera nthawi yonse ya mayesowo. TOEFL ndi IELTS nazonso zinatsegula njira yolembera kunyumba, ngakhale kuti maofesi ambiri opereka ziphaso zolowera m'dziko amafunabe mayeso olembedwa pamalo ovomerezeka.